Za mapaipi oundana aja: boila yayakanso

Abale, ndabweranso ndi nkhani ija ndinafunsa sabata yatha, yoti boila, makina a gasi otenthetsera madzi ndi nyumba, inazima m'mawa kutagwa chisanu kuno ku Leeds, ku England, ndipo ndinkaopa kuti mapaipi aphulika. Zikomo nonse munandiyankha.

Boilayo inalibe vuto. Kunja kuli kapaipi ka pulasitiki kotaya madzi ochokera m'boila, kameneko ndi kamene kanaundana, boila n'kudzizimitsa yokha. Ndinathirapo madzi ofunda, osati owira chifukwa angang'ambe pulasitikiyo, kenako n'kudina batani la reset. Inayaka pompo.

Pulambala atabwera anakuta kapaipiko ndi siponji, pamodzi ndi mapaipi a kudenga, kumene kutentha kwa m'nyumba sikufikako. Madzi akaundana amafufuma pafupifupi 9 peresenti, n'chifukwa chake paipi imang'ambika, ndipo choipa chake kudontha kumaoneka ayisi atasungunuka kale. Anandionetsanso stopcock, kampopi kotsekera madzi a nyumba yonse, pansi pa sinki ya kukhitchini. Amene simukudziwa pamene pali yanu, ifufuzeni lero.

Mpopi wa panja tautseka chamkati. Tikamapita kumudzi mu Disembala tisiya zotenthetsera zikuyaka pa madigiri 12. Bilu ya gasi iwawa ndithu, komabe siingafike pa mtengo wokonzetsa siling'i yonyowa.