Za mayi anga oiwalaiwala aja, tawauza tsopano

Abale zikomo nonse amene munandiyankha mwezi watha, paja ndinafunsa kuti tiwauze bwanji mayi ndi achibale zoti adokotala ku Central apeza kuti ali ndi dementia, matenda oiwalaiwala aja. Ambiri munati tisawabisire, ena munati tiyambe tawauza amalume poti ndiwo eni mbumba. Ndinatsatira zonse ziwiri.

Amalume anabwera kuchokera ku Mitundu tinakhala pakhonde kwathu ku Kawale, ndinawafotokozera kuti awa ndi matenda a mu ubongo, si ufiti ayi, chifukwa anthu anali atayamba kale kunong'ona atawapeza mayi pamsewu usiku ndi khasu akuti akupita kumunda. Amalume anangoti chete, kenako misozi.

Mayi tinawauza m'mawa atamwa tiyi, nthawi imene mutu wawo umakhalako bwino, mawu ochepa basi. Anandigwira dzanja nkuti "ndimaona kuti china chake sichili bwino mwanawe". Pofika madzulo anali ataiwala. Adokotala anati mankhwala ochiziratu palibe, ndiye sitimawabwerezera tsiku ndi tsiku, zimangowaliritsa. Tawasokera kansalu ka nambala yanga ya foni pa juzi, ndipo aneba onse tawauza.