Netflix ikungondipatsa mafilimu a ku Korea, ndipange bwanji?

Mayi_wa_Mapasa:
Abale, ndithandizeni. Ndimakhala chakufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, ndimagulitsa usipa wouma pamsika. Madzulo ndikatsuka mbale, ndimagona pamkeka n'kumaonera Netflix pafoni. Mwezi watha kunabwera mlamu wanga wa ku Namwera, mchemwali wawo wa bambo a kunyumba. Masabata awiri onse foni inali m'manja mwake. Chipitireni iye, ndikatsegula ndi anyamata a ku Korea okhaokha, tsitsi see, akulira pamvula. Ine zanga ndi za ku Nigeria zija za apongozi ankhanza.

Dzulo ndinati ndingolawa imodzi. Ndagona 1 koloko! Mnyamata kumangomuyang'ana mtsikana magawo asanu athunthu, osanena mawu ake. Ine n'kukuwa ndekha kuti "Lankhula, iwe!" mpaka bambo anadzambatuka poganiza kuti kwalowa akuba.

Ndiye chinthuchi chimadziwa bwanji zoti chindipatse? Nanga za ku Nigeria zanga ndizibweza bwanji? Bandulo nayonso ikungotha ngati madzi a m'lichero.

Mphunzitsi_Malindi:
Mayi, palibe ufiti apa. Netflix imasunga zonse zimene zaoneredwa pa profile yanu (dzina lija mumasankha polowa kuti muonere), ngakhale zomwe munazisiyira panjira, kenako imakufananitsani ndi anthu ena okonda zomwezo. Siidziwa kuti anali alamu, imangoti mayiwa asintha mtima. Ndipo pogona 1 koloko paja mwaitsimikizira nokha.

Lowani pa Account, mupeze Viewing activity, mubise za alamuzo. Za ku Nigeria muziika chala chachikulu choloza kumwamba. Akaunti imodzi imalola ma profile 5, ndiye alamu akadzabwera muwatsegulire yawo. Za bandulo, sankhani Save Data: 1GB imakufikitsani maola pafupifupi 6, pomwe HD (zithunzi zooneka bwino kwambiri) imadya mpaka 3GB pa ola limodzi.

Wakabaza_M'baluku:
Kkkk amayi avomereni, mwagwa m'chikondi ndi Korea. Ife kwathu ndi ku vidiyo sho basi, komwe DJ amamasulira filimu m'Chichewa, m'China n'kumatchula nsima ya kondowole. Kumeneko wosankha filimu timamuona ndi maso, ikabowa timamukuwiza.

Anganga_a_Nkopola:
Mwanangu, zoterezi nthawi zina zimakugwetsera pabwino. Ine mdzukulu wanga anandiikira ija ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, mnyamata amene anapanga makina a mphepo ndi zidutswa za njinga. Inatuluka mu 2019, koma ine ndaionera chaka chino itangotulukira yokha pa TV. Poyamba tinkaseka Chichewa cha Chiwetel Ejiofor, amene akusewera ngati bambo ake, lilime lake lolemera zedi. Itafika pa njala ija ya 2002, anthu akukanganirana chimanga, kuseka konse kunatha m'nyumba. Chaka chimenecho ine ndinadyetsa ana anga gaga. Ndinatuluka panja kukakhala pakhonde, mdzukulu anachita kuimitsa filimu kudikira kuti ndibwerere.

Mayi_wa_Mapasa:
Zikomo aphunzitsi, Save Data ndayatsa. Agogo, ya ku Kasunguyo ndiifufuza Loweruka. Koma zobisa za alamuzo ndiyamba ndadikira kaye, kwatsala magawo 11 ndipo mnyamata uja sanalankhulebe.