Intaneti ilipo pa makompyuta onse awiri, koma laputopu sikuiona pulinta

Wa ku Chilomoni: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Pakhomo pa kasitomala pali rauta ya Huawei ya 4G yoikamo SIM. Wi-Fi sinkafika kuchipinda cha kuseri, ndiye anawonjezera rauta yachiwiri ya TP-Link yolumikiza ndi kebulo. Desikitopu ya Windows 10 ili pa TP-Link, pulinta ya USB ili pa desikitopu yomweyo. Laputopu ya Windows 11 imagwira Wi-Fi ya Huawei. Zonse zikulowa pa intaneti bwinobwino, koma laputopu sikuona foda ngakhale pulinta. Sharing ndayatsa, firewall ndazimitsa, osaphula kanthu.

Wa ku Area 25: Achimwene, firewall iyatseninso kaye, ilibe mlandu. Lembani ipconfig mu Command Prompt pa makina onse awiri mutiuze IPv4 Address ndi Default Gateway. Nanga kebulo yochokera ku Huawei yalowa pa poti iti ya TP-Link?

Wa ku Chilomoni: Laputopu 192.168.8.103, gateway 192.168.8.1. Desikitopu 192.168.0.101, gateway 192.168.0.1. Kebulo ili pa poti yabuluu ija yolembedwa WAN.

Wa ku Area 25: Nkhani yagona pamenepo. M'nyumba imodzi muli manetiweki awiri. TP-Link ikuitenga Huawei ngati kunja kwa mpanda: desikitopu ikafuna kutuluka imatsegulidwira, n'chifukwa chake intaneti ikuyenda, koma laputopu ikagogoda kuchokera mbali ya 192.168.8, NAT, njira imene rauta imabisira makina ake onse kuseri kwa adiresi imodzi, imaibweza. Mauthenga amene makompyuta amafufuzirana nawonso sawoloka rauta.

Ngati TP-Link yanuyo ili ndi Operation Mode, sankhani Access Point basi. Ngati ilibe, zulani kaye kebulo ya pa WAN, apo ayi TP-Link idzakana IP yatsopano imene muti muipatse poona kuti ikufanana ndi ya mbali ya WAN. Lowani pa 192.168.0.1, zimitsani DHCP Server (yogawa ma IP), sinthani LAN IP ikhale 192.168.8.2. Ikayakanso, lowetsani kebulo ija pa poti ya LAN, WAN ikhale yopanda kanthu. Wogawa ma IP m'nyumbamo akhale mmodzi yekha, Huawei.

Wa ku Zomba: Ndionjezerepo. Desikitopu ikalandira gateway yatsopano, Windows imaiona ngati netiweki yachilendo n'kuiika pa Public, ndipo pamenepo poti 445, yomwe sharing ya mafoda ndi pulinta imadutsira, imakhala yotseka. Ambiri amagwa apa, n'kuyamba kukayikira rauta yomwe akonza kale. Pitani ku Settings, Network & Internet, Properties, sankhani Private pa makina onse. Mu Advanced sharing settings muyatse Network discovery ndi File and printer sharing. Desikitopu ikapanda kuoneka pansi pa Network, onani mu services.msc kuti Function Discovery Resource Publication ikuyenda.

Musadalire ping, chifukwa Windows ikhoza kukana kuyankha pamene sharing ili bwinobwino. Pa laputopu tsegulani PowerShell, mulembe Test-NetConnection, IP ya desikitopu, kenako -Port 445.

Wa ku Area 25: Musanapitirire, IP ya desikitopuyo ikhomereni. Magetsi akathima n'kubweranso, rauta ikhoza kugawa manambala mwina, mawa lake kasitomala n'kuimba kuti zafanso. Huawei zambiri zimagawa kuyambira .100 mpaka .200, ndiye ipatseni 192.168.8.50, mask 255.255.255.0, gateway ndi DNS 192.168.8.1.

Wa ku Chilomoni: Zatheka, TcpTestSucceeded yanena True. Ndikalemba \\192.168.8.50 ikufunsa pasiwedi, koma PIN yomwe mwiniwake amalowera nayo mu desikitopu ikukanidwa. Pulinta nayo ikupereka error 0x0000011b.

Wa ku Mzuzu: PIN imagwira pa makina omwewo okha, siyenda pa netiweki. Pangani local account pa desikitopu, yokhala ndi pasiwedi yeniyeni, muisunge mu Credential Manager ya laputopu pansi pa Windows Credentials, adiresi 192.168.8.50. Akauntiyo muipatse chilolezo kuwiri, pa Sharing ndi pa Security. Pakati pa ziwirizi, chokhwima kwambiri ndicho chimalamula. Mukatsegula pa Sharing pokha, foda imaoneka koma osatseguka.

Chonde musazimitse Password protected sharing pofuna chidule. Windows 11 24H2 Pro imakana kulowa ngati mlendo, ndiye mudzangotaya nthawi. SMB1, njira yakale yogawanira mafayilo, musaiyatsenso: ndi khomo lomwe pulogalamu yoononga ya WannaCry inalowera mu 2017, ndipo makina awiriwa saifuna n'komwe.

Za 0x0000011b, zinayamba ndi ma update a September 2021, pamene Microsoft inakhwimitsa chitetezo cha Print Spooler, gawo la Windows loyendetsa ntchito za pulinta. Yambani ndi kumaliza Windows Update mbali zonse. Ikakanabe, ikani driver ya pulintayo pa laputopu, kenako Add manually, Add a local printer, Create a new port, Local Port, mulembe \\192.168.8.50\ motsatizana ndi dzina la share la pulintayo. Dzinalo likhale lalifupi, lopanda mipata. Njira ya registry yoika RpcAuthnLevelPrivacyEnabled pa 0 imagwiradi, koma imachotsa chitetezo chomwe update inabweretsa. Pa makina a kasitomala ine sindingailangize.

Wa ku Chilomoni: Local Port yagwira, test page yatuluka, foda ikutseguka. Zikomo kwambiri akuluakulu.

Wa ku Zomba: Musanachoke pamenepo achimwene, desikitopu muiike Sleep pa Never, chifukwa ikagona pulinta imasowa ndipo ntchito zimaunjikana pa mzere. Muwauzenso eni nyumba kuti laputopu isagwire Wi-Fi ya Guest. Ija imalekanitsa zipangizo mwadala, ndipo \\192.168.8.50 sidzayankha.