Akuti ndibwerezenso colonoscopy, kodi ndi zofunikadi?

Nabanda:
Abale, ndipatseniko nzeru. Ndili ndi zaka 56, ndimakhala ku Leeds, ku England. Kabotolo koyezera chimbudzi kamene a NHS, a zaumoyo a boma kuno, amatumiza pakhomo kanaonetsa timagazi, ndiye anandiitanira colonoscopy, kuyeza kolowetsa kamera m'thumbo lalikulu. Mankhwala otsukira m'matumbo aja, Moviprep, lita yoyamba ndinamwa usiku, koma ya m'mawa ndinangolawa, mseru unandikwana. Adokotala akuti matumbo sanayere, ndipitenso. Poti chotupa sanachipeze, bwanji ndingozisiya? Usiku uja ndinagona ku toileti ine.

Anamwino_a_usiku:
Mayi, musazisiye. Iwo sananene kuti mulibe kanthu, anena kuti sanathe kuona. Khansa ya m'matumbo nthawi zambiri imayamba ngati kanjerewere m'kati mwa thumbo, amati polyp, ndipo kamatha zaka kasanasanduke khansa. Akakaona amakadula pompo. Koma tina timakhala tophwatalala, tomatirira kukhoma, makamaka mbali ya kumanja, moti zotsalira pang'ono chabe zimatikwirira. Lita ya m'mawa munaisiyayo ndiyo imatsuka kumeneko.

Phiri wa ku Benoni:
Achemwali, ine ndapitako kawiri. Mankhwalawo muwaziziritse mu fuliji, muzimwera kapaipi pang'onopang'ono. Afunseni za Plenvu, mtundu wina wa mankhwala otsukira, ngwocheperako. Masiku angapo tsikulo lisanafike nyemba, mgaiwa ndi masamba muyambe mwaiwala. Ngati mumamwa mapilitsi a iron muwauze msanga, amadetsa matumbo.

Anamwino_a_usiku:
Ndiwonjezere, chifukwa udindo si wa wodwala yekha. Pepala la zotsatira lizinena ngati kamera inafika kumathero kwa thumbo lalikulu, ku caecum. Potulutsa kamera ndi pamene amayang'ana kwenikweni, ndipo asamathe mphindi zosakwana 6. Kafukufuku wa ku California wa 2014 anapeza kuti dokotala akamapeza tinjerewereti mwa anthu ochulukirapo ndi 1 pa 100, chiopsezo cha khansa yotulukira pambuyo pake chimatsika ndi 3 pa 100. Waphuma amadumpha zinthu. Kufunsa si mwano ayi.

Nabanda:
Kufunsa dokotala kuti munatha mphindi zingati, ine kukamwa kungauume! Ndipita ndi mwana wanga wamkazi, iye alibe manyazi. A Phiri, nanga tiyi wopanda mkaka amaloleza? Ndaimba foni, andipatsa Lachinayi la sabata ya mawa.