Jinzi ya m'sitolo kwa mayi wa mwana wakhanda: ndigule kapena ndidikire?

Amake Tadala: Azimayi anzanga, ndithandizeni maganizo. Mwezi wamawa ndikubwerera kuntchito, mwana ali ndi miyezi itatu. Kwathuko sitivala masuti, ndi sitolo ya zipangizo zomangira nyumba, ndiye zovala wamba amalola bola munthu uzioneka wodzisamala. Koma zovala zanga zakale zonse zikukana m'chiuno, zimene ndinkavala ndili woyembekezera nazonso zikungolendewera. Ndaona jinzi m'sitolo ina ku Gateway Mall, yakuda, yofika pamchombo, nsalu yake yotamuka pang'ono. Nditayesa inandikhala bwino kwambiri, mtima unachita kuti myaa. Koma mtengo wake ndi ndalama ya ndiwo ya milungu iwiri pakhomo panga. Bambo a Tadala akuti ndione ndekha. Ndigule, kapena ndingopita ku Tsoka, kumsika wa kaunjika wa mu Lilongwe muno?

NaBanda: Asisi, musagule panopa. Thupi la ntchembere silikhazikika pa miyezi itatu. Mukadali m'miyezi isanu ndi umodzi ija amatiuza kusikelo kuti mwana azingoyamwa bere lokha, ndipo nthawi imeneyi ena amatsika thupi mofulumira, ena amanenepa chifukwa njala yake ya kuyamwitsa si yamasewera. Simukudziwa kuti inu mupita mbali iti. Mukagula lero, pofika Khirisimasi mwina idzakhala ikugwa kapena yosatsekeka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amake Yankho: Adikire atavala chiyani, a NaBanda? Ntchito ikuyamba mwezi wamawa, si chaka chamawa.

NaBanda: Kaunjika alipo. Atenge ziwiri zotchipa zongodutsira nyengoyi.

Chikondi wa Kaunjika: Poti mwatchula kaunjika, ndiyankhepo, ndimagulitsa ku Tsoka komweko. Choyamba, musabwere ndi mitengo ya kale m'mutu. Chigwetsereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, belo lakhala likungokwera, mpaka mu February 2025 ogulitsa kaunjika anayenda ulendo wa ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za mitengo yomweyi. Jinzi ya nambala wani, ija timaipachika pa hang'ala, siilinso yotchipa ngati mmene mukukumbukira. Yotchipa ndi ya pamulu wapansi, ndipo imeneyo imafuna diso.

Komabe pa ndalama ya jinzi imodzi ya m'sitoloyo mungapeze kuno jinzi yabwino ndi mabulauzi ake, chenji n'kutsala. Nsalu zambiri za m'belo n'zolimba kuposa zatsopano zina, chifukwa yachapidwa kale kambirimbiri, ngati ikanakhala yosuluka kapena yofota ikanaonetsa kale. Mukafuna kusankha, chitani izi. Itembenuzeni, muyang'ane pakati pa ntchafu mutailozetsa kudzuwa. Kuwala kukamadutsa, isiyeni, ing'ambika mwezi usanathe. Kokani pabondo n'kusiya, ikapanda kubwerera m'malo mwake ndiye kuti timphira ta mkati tinafa. Zipi mutsegule ndi kutseka kangapo. Ndipo mubwere m'mawa tsiku lotsegula belo, osati madzulo anzanu atatola kale zabwino.

Amake Yankho: Zonsezo n'zoona achemwali, koma mukuiwala kuti mayiyu ali ndi khanda kumsana. Kufukula mulu, kuwerama, kulimbana ndi anyamata oitanira, dzuwa lili pamutu, mwana akulira kufuna bere. Poyesera palibenso. Njira ija yozunguliza chiuno cha jinzi pakhosi imagwira kwa atsikana, kwa ife amene tangochira kumene imanama, chifukwa khosi silinasinthe koma mimba yasintha.

Ine ndili mbali yoti agule. Nditabereka wachiwiri ndinagula jinzi imodzi yabwino, ndipo ndi imene inandisunga chaka chonse. Kusikelo yomweyo, kuntchito yomweyo, kumsonkhano wa makolo kusukulu yomweyo, ndinkangosintha chapamwamba. Chovala chimene uchivala katatu pamlungu sichidula ngati diresi la ukwati limene limagona m'sutikesi. Ndiponso pali chimene amake Tadala anena chimene tisachidumphe: anati atayesa mtima unachita myaa. Mayi amene wakhala miyezi itatu ali m'chitenje ndi tisheti ya mwamuna wake, osagona tulo tokwanira, akapeza chovala chomukumbutsa kuti iyenso ndi munthu payekha, chimenecho chili ndi mtengo wake.

Mphatso K.: Funso limodzi asisi, munachira bwinobwino kapena mwa opaleshoni?

Amake Tadala: Mwa opaleshoni.

Mphatso K.: Ndiye kufika pamchomboko n'kofunika kuposa china chilichonse. Chipsera chimakhala m'munsi mwenimweni, pomwe jinzi zotsika chiuno zimadutsitsa lamba wake. Ukakhala pansi mu minibasi, batani ndi zipi zimakanikiza pomwepo, ulendo wonse uli chilumire mano. Yokwera imadutsa pamwamba pa chipsera n'kugwira mimba mofatsa. Kaya mugula m'sitolo kaya ku Tsoka, muyese mutakhala pampando, osati mutaimirira pagalasi pokha. Muweramenso ngati mukunyamula mwana. Ngati pachipsera pakupwetekabe kapena pakutupa, muyambe mwafunsa anamwino musanavale chothina chilichonse.

Anambewe: Ana anga, ndaziwerenga zonse. Ine ndinakula nthawi imene mkazi sankaloledwa kuvala buluku m'dziko muno, lamulo lija la 1973 limene linachotsedwa mu 1993, ndiye sindingakuletseni, valani, ufuluwo unabwera movutikira. Koma ndikudabwa kuti palibe watchula telala. Ndalama imeneyo ingagule nsalu ya chitenje yabwino ndi kulipira wosoka, mutuluke ndi madiresi awiri. Ubwino wa telala ndi woti mumamuuza kuti asiye nsalu yokwanira mkati mwa msoko. Mukanenepa amamasula, mukatsika amabweza, diresi ndi lomwelo. Mumuuze aike zipi kutsogolo kapena m'mbali mwa chifuwa, yobisika pansi pa mpindo, kuti poyamwitsa musamavule theka la chovala. Aikenso matumba awiri akuya. Koma nsaluyo muyambe mwaichapa musanapite nayo, chifukwa ya thonje imafota ikalowa m'madzi koyamba, ndipo muonerenso ngati ikuchucha mtundu.

Amake Yankho: Amayi, diresi la chitenje n'lokongola, sindikana. Koma limafuna simbi tsiku lililonse. Magetsi akazima m'mawa, mwana akulira, wamkulu akufuna phala la kusukulu, ndani ayatse makala a simbi? Jinzi umangoiyanika bwino, kuikung'untha, n'kuvala.

Anambewe: Timasita Lamlungu madzulo zonse za mlungu wonse n'kupachika, mwanawe. Koma ndamva, masiku ano nthawi ikukuchepelani.

Chikondi wa Kaunjika: Pa jinzi yomwe mwaionayo ndili ndi nkhawa ndi mtundu. Yakuda bii imaonetsa chilichonse. Fumbi la Lilongwe la mu September ndi October limakhala pamiyendo ngati wadutsa pachigayo, mwana akabweza mkaka banga loyera limaonekera patali, ndipo ikayamba kusuluka imasanduka yotuwa m'mawondo ndi m'misoko. Yabuluu woderapo imabisa zambiri ndipo imakalamba bwino. Mufunse ngati ali nayo ya mtundu umenewo.

Kasamalidwe kakenso ndi komwe kamapha jinzi zotamukazi. Muzichapa mutaitembenuza, m'madzi ozizira, osainyika usiku wonse mu sopo waufa, osaikwecha pamwala. Muziyanika pamthunzi. Simbi yotentha kwambiri imapsereza timphira tija, ndiye mumaona jinzi yatukumuka m'mawondo ndi kumbuyo ngakhale ili yatsopano.

Tiyamike: Ine ndikuona kuti tonse tathamangira kumunsi, pomwe kasitomala akalowa m'sitolo amaona kumtunda. Amake Tadala adzakhala kuseri kwa kauntala. Chimene chimapangitsa mayi woyamwitsa kuoneka wosokonekera nthawi zambiri ndi bra yosamukwana, bulauzi yamakwinya ndi madontho a mkaka pachifuwa. Ndikanakhala ine ndikanayamba ndi mabra awiri oyamwitsira a saizi ya panopa, tinsalu toika mkati totchinga mkaka, ndi mabulauzi atatu a mabatani kutsogolo, a maluwa ang'onoang'ono kapena mizere, chifukwa nsalu ya mtundu umodzi imaulula dontho lililonse.

Chinanso chimene ndinaphunzira kwa mlamu wanga: ngati m'mawa mumabereka mwana kukamusiya kwa womulera, musavale bulauzi ya kuntchito pochoka pakhomo. Mfundo ya chitenje imafinya nsalu pachifuwa, kumsana kumanyowa thukuta ndi dovu. Valani tisheti, bulauziyo muipinde bwino m'chikwama, mukasinthe mukafika. Nsapato zafulati zopukutika ndi kansalu konyowa, tsitsi loluka kapena duku lomangidwa bwino, ndolo zing'onozing'ono zimene mwana sangakoke. Mukatero ngakhale siketi ya kaunjika imaoneka ya pamwamba.

NaBanda: Apa ndiye mwanena, a Tiyamike. Ndiwonjezere chimodzi: chilichonse mungasankhe, musakatenge ngongole kubanki m'khonde chifukwa cha chovala. Chiwongoladzanja chidzakupezani mwezi womwe mukufuna ndalama ya matewera ndi ya wolera mwana.

Amake Tadala: Ngongole ayi, ndalamayi ndinasunga ndekha. Zikomo nonse, mwanditsegula maso pa zambiri. Za mtundu sindinaziganize n'komwe, ndipo poyesa paja sindinakhale pansi. Za mabra a Tiyamike mwalasa, amene ndili nawo ndi a ndisanatenge mimba. Mmene ndikuonera, ndibwerera kusitolo kuja Loweruka ndikayese yabuluu nditakhala pampando. Ikakhala bwino pachipsera nditenga, chifukwa nthawi yofukula mulu ndilibe. Mabulauzi okha ndidzatenga ku Tsoka, amenewo savuta saizi. Diresi la Anambewe lidikire malipiro oyamba.

NaBanda: Ine ndikadali pomwe paja, ndikanadikira miyezi ina itatu. Koma ngati mwatsimikiza, musatenge yothina poganiza kuti mutsika thupi. Tengani yokukwanani lero. Yaikulu telala amabweza m'chiuno, yaing'ono ilibe mankhwala. Musachotse kapepala ka mtengo musanaiyesenso kunyumba, ndipo mufunse ngati amalola kusintha, lisiti musunge.

Amake Yankho: Mukayese masana mutadya, osati m'mawa mimba ili yopanda kanthu.

Chikondi wa Kaunjika: Za mabulauzi mundilembere kumbali asisi, mundiuze saizi ya chifuwa ya panopa. Muyeze ndi tepi mwana asanayamwe, mabere ali odzaza. Belo la mabulauzi ndikutsegula Lachisanu, ndikupatulirani a mabatani kutsogolo kuti mudzangofika n'kusankha, musadzaime nthawi yaitali ndi mwana padzuwa.