Chitseko cha Celica yanga chalendewera, ndiyambire pati?

Mnyamata wa ku Mufakose:

Moni nonse akuluakulu, ndigaireni nzeru chifukwa nkhaniyi yandisowetsa mtendere. Ndili ndi Toyota Celica ya 2002, ija ya zitseko ziwiri, ndinagula kwa munthu wina ku Msasa kuno ku Harare chaka chatha, iyeyo anaitanitsa ku Japan kalekale lisanabwere lamulo lija la 2021 la kuno ku Zimbabwe loletsa kulowetsa magalimoto opitirira zaka 10. Injini ili bhobho, koma chitseko cha kwa dalaivala ndiye chandivuta. Poyamba chimatseka ndi chala chimodzi, pano ndimachita kumenyetsa kawiri katatu, ndipo ndikamatsegula ndimamva kuti gu! ngati chikutsika pa sitepe. Ndikaima chapatali nkuyang'ana mzere wa bodi uja umachokera ku madigadi kudutsa pachitseko, kumbuyo kwake watsika ndithu mwina theka la chala, komanso pansi penti yayamba kukalika pomwe chikukhula.

Chandiwawa kwambiri ndi mvulayi. Lachiwiri ndimachokera mtauni mu Bulawayo Road mvula ikukhuthuka, madzi amalowera pamwamba pa galasi nkumandidonthera paphewa mpaka mpando wonse unanyowa, lero mkati mukununkhabe chinyezi. Paja galasi lake lilibe felemu, limangokagunda labala wa kudenga, nde chitseko chikapendekeka pang'ono nalonso laphonya. Ndikangofika pa 80 mphepo imaimba likhweru m'khutu.

Loweruka ndinakhwefula kachitsulo kaja kokhala ngati U ka pamzati komwe loko imakola, ndinakakweza m'mwamba. Pano chikatsekeka mzere uja ukulingana koma potseka ndiye zanyanya, handulo nayonso yalimba. Mnzanga wina akuti tiike jeke pansi pa chitseko tichipope mpaka chibwerere m'malo, akuti amatero ndi makombi. Kodi nzoona zimenezi? Sindikufuna kuiononga, galimotoyi ndinaisungira ndalama zaka zitatu.


Madala a ku Gazaland:

Mphwanga, mwachita bwino kufunsa musanaike jekeyo. Ine ntchito yowongola magalimoto ndinayamba ndili mnyamata ku Highfield kuno, ndipo zomwe mwachitazo ndi zomwe aliyense amathamangira, kukweza striker. Kachitsulo kameneko ntchito yake ndi kugwira chitseko kuti chisatseguke basi, sikanyamula chitseko ayi. Chimanyamula ndi mahinjesi. Mwamva gu! potsegula uja, ndiye kuti chitseko chimakwera pa striker mukamatseka, nkugwa mukamatsegula. Mukapitiriza choncho loko idyeka mkati ndipo tsiku lina idzakana kukola muli pamsewu. Kabwezereni pomwe kanali, chidindo chake chakale chimaoneka pa penti.

Ndiye yambani chonchi. Imikani galimoto pamalo osalala, matayala onse anayi ali pansi, osati pa jeke, chifukwa bodi ikakhala pa jeke imapindika pang'ono ndipo mipata yonse imanama. Tsegulani chitseko pang'ono chabe, gwirani kumapeto kwake chapansi ndi manja awiri nkumachitukula, kutsitsa, kutukula, mnzanu uja aike chala pa hinji akuyang'ana ndi tochi. Chikamagwedera kuti khwedekhwede galimoto yosasuntha, ndiye kuti pini ndi mabushi a mu hinji zatha. Nthawi zambiri imayamba ndi ya pamwamba chifukwa ndi imene imakokedwa. Mukaona kafumbi kofiira ngati dzimbiri kakutuluka pa pini, umboni ndi umenewo. Koma mukatukula nkuona kuti galimoto yonse ikutukuka limodzi ndi chitseko, popanda kugwedera, ndiye kuti mahinjesi ali moyo, angoseguka pa mabawuti kapena chitsulo chapindika.

Galimoto za zitseko ziwiri zimadwala matenda amenewa msanga kuposa Corolla, chifukwa chitseko chake nchachitali kuti munthu athe kulowa kumbuyo, mkati muli galasi lalikulu, mota ya windo, sipika, ndi chitsulo chotchinjiriza pangozi. Zonsezo zalendewera pa tinahinjesi tiwiri. Pini ikadyeka pang'ono ngati chikhadabo kutsogolo, kumapeto kwa chitseko kumatsika kwambiri. Onjezani kuti galimoto ndi yaifupi, aliyense potuluka amayedzamira chitseko kuti adzuke, kenako maenje a m'misewu yathuyi, zaka zoposa 20. Palibe chodabwitsa.

Ngati pini yatha musataye nthawi ndi kusuntha mabawuti, gulani hinji ina. Za Toyota zambiri pini yake inakhomedwa kufakitale, simasuka bwino, timangosintha hinji yonse. Kwa ophwasula magalimoto kuno ku Gazaland kapena mu msewu wa Kaguvi muzifunsa, koma muigwire m'manja muipinde uku ndi uku, ikhale yolimba, chifukwa ena angakupatseni yotha ngati yanuyo.

Posintha: chotsani waya wa batire, galasi likhale lotsitsa, chotseranitu striker uja kuti chitseko chikuuzeni chilungamo pomwe chikukhala chokha. Jambulani ndi maka kuzungulira hinji iliyonse musanakhudze bawuti. Pansi pa chitseko ikani jeke, pamwamba pa jeke thabwa, pamwamba pa thabwa chisanza, ndipo jekeyo ntchito yake ndi kulandira kulemera basi, osati kupopa. Sinthani hinji imodzi imodzi, ina ikugwira, ndipo samalani mawaya omwe amadutsa mu labala uja pakati pa chitseko ndi mzati. Sipanala ndi 12 nthawi zambiri. Mabawuti a kumzati amabisala kuseri kwa madigadi, mumakhotetsa tayala nkuchotsa pulasitiki ya mkati ija, kapena kupinda sipanala yakale pamoto kuti ifikire.

Chinanso choti anyamata ambiri sadziwa, Toyota zambiri mabawuti a hinji amakhala ndi kakhosi konenepa pansi pa mutu komwe kamadzadza bowo lonse. Mukhoza kukhwefula tsiku lonse chitseko osasuntha, mukamanga chibwerera pomwe chinali. Mukapeza otero, ikani mabawuti wamba a saizi yomweyo okhala ndi washala, pamenepo ndiye chimayenda. Kumzati mumasunthira m'mwamba, pansi, kutsogolo, kumbuyo. Kuchitseko mumalowetsa mkati kapena kutulutsa kunja. Pang'onopang'ono, kusuntha, kumanga, kutsitsa jeke, kutseka mofatsa, kuyang'ana. Mpata ulingane mbali zonse, muyeze wa chitseko cha kwa pasenja ndi kachikatoni nkutengera womwewo. Kuona maso a nkhono nkudekha, ntchito imeneyi imandidyera theka la tsiku ngakhale ine. Striker ndi womaliza, mumuike pomwe loko ikumupeza yokha popanda chitseko kukwera kapena kutsika.


Wa pa Kaguvi:

Madala mwalankhula zoona koma njira ya jeke musaiphe yonse, ife timaichita daily ndipo anthu amapita akusangalala. Ngati pini ili bwino koma hinji yangowerama chifukwa mphepo inakankha chitseko kapena munthu anabwerera rivesi chili chotsegula, kapopedwe kamodzi kawiri kamabwezeretsa. Si aliyense ali ndi ndalama ya hinji aise, komanso zida za Celica sizili mbwee ngati za Honda Fit kapena Hiace, ukhoza kuzungulira sabata. Njira ina yotchipa ndi kulowetsa washala pakati pa hinji ya pansi ndi chitseko, kumbuyo kumadzuka nthawi yomweyo.

Koma ine funso langa ndi lina, galimotoyo sinagundidwepo mbali imeneyo? Yang'ana mitu ya mabawuti a hinji ndi a madigadi, ngati penti yake inasupuka ndiye kuti sipanala inadutsapo kale. Tenga maginito uikulunge kansalu uyendetse pachitseko ndi pamzati, pomwe isakugwira pali filler, phala lija amamatira pobonyoka asanapente. Ma ex-Jap ena, magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan aja, ndi chikomekome cha mkuyu, kunja kuwala mkati muli nyerere, ndipo ngati mzati unalowa mkati ngakhale ugule mahinjesi atsopano sichidzakhala.


Madala a ku Gazaland:

Za maginito ndi mabawutizo ndavomereza, mwakumbutsa chinthu chofunika. Washala nayenso ndi wabwino kuti munthu afike kumapeto kwa mwezi. Koma jeke ayi mwana wanga, pa galimoto iyi ayi. Mukamapopa simusankha chomwe chipindike, chimagonja ndi chomwe chili chofewa, ndipo kawirikawiri si hinji koma lata la chitseko pomwe hinji yamangidwa. Chaka chatha anandibweretsera ina itang'aluka pamenepo mng'alu wautali ngati chala, tinachita kuchotsa chitseko chonse, kuwotcherera, kupenta. Pa kombi chitseko chikapotoka pang'ono felemu imapanabe labala. Apa felemu palibe, mukapotoza chitseko galasi latsala pamtunda.


Nachisale wa ku Hatfield:

Achimwene pepani ndi zamadzizo, ine zinandichitikira pa MX-5 yanga ndipo fungo la kapeti yonyowa ndimalidziwa, ndinachita kuchotsa mpando nkuyanika masiku atatu. Langa ndi la galasi chabe. Mukamaliza zomwe anena madalazo musadabwe madzi akamalowabe, chifukwa galasi lopanda felemu lili ndi posinthira pakepake mkati mwa chitseko, pali timabawuti toimitsa kuti lisakwere kupyola, ndi tina topendeketsa kuti mutu wake utsamire mkati. Koma musakhudze chitseko chisanakhale bwino, mungagwire ntchito kawiri.

Poyeza ine ndimang'amba pepala la mu kope, kulipana pakati pa galasi ndi labala, kutseka, nkukoka. Likamabwera molimba ndiye kuti pagwira, likangosololoka ndiye polowera madzi pamenepo. Muyende nalo kuyambira pa mirror mpaka kumbuyo. Osapanikizanso kwambiri galasi, mota ya windo imatopa. Labala mumutsuke ndi sopo nkumupaka silicone, chonde osapaka oyilo wa injini ngati momwe amachitira ena, amafufuma nkuyamba kunyenyeka. Komanso pansi pa chitseko pali timabowo totulutsa madzi, fumbi la mu October limatitseka, tokosani ndi kawaya. Changa chinali ndi madzi mkati ochita kumveka kuti khuvukhuvu ndikatsegula.


Mnyamata wa ku Mufakose:

Zikomo kwambiri nonse, madala Mulungu akudalitseni, ndawerenga kawiri zomwe mwalembazo. Lero ndaweruka msanga ndayesa. Striker ndabwezera pa chidindo chake. Nditatukula chitseko mng'ono wanga ataika chala pa hinji ya pamwamba anachita kukuwa kuti ikusewera, ndipo kafumbi kofiira kaja kalipo kambiri, katsikira mpaka pa hinji ya pansi. Ya pansiyo ikuoneka yolimba. Maginito yagwira paliponse pachitseko ndi pamzati, mtima unakhala pansi, kungoti pa madigadi chapafupi ndi tayala pali kamalo kangati chikhatho komwe sinagwire, ndipo mabawuti awiri a madigadi penti inasupuka. A hinji onse anayi a kuchitseko ali ndi penti yake yakale. Achemwali, mabowo aja awiri anali otsekeka ndi matope, atuluka madzi pafupifupi kapu.

Jeke yopopera ija ndamuuza mnzanga kuti tisiye. Loweruka m'mawa ndilawirira ku Gazaland kukasaka hinji. Madala, funso lomaliza, ndigule ya pamwamba yokhayo kapena zonse ziwiri? Komanso masiku atatu atsalawa ndiziyendera galimotoyi kapena ndiiimike?


Madala a ku Gazaland:

Mukazipeza zonse ziwiri zili zolimba tengani zonse, ya pansiyo yakhala ikusenza katundu wa inzake miyezi yonseyi, siichedwa kutsatira. Ikapezeka imodzi, ya pamwamba ikwanira panopa. Za madigadi musadandaule, ngati mabawuti a hinji sanakhudzidwe ndiye kuti kanali kangozi kakang'ono, koma poyeza mipata muzikhulupirira bodi ya kumbuyo chifukwa ndi yowotcherera, siisuntha, madigadi mudzailinganize pomaliza. Kuyendera yendani, kungoti potseka muzichitukula pang'ono ndi dzanja mmalo momenyetsa, ndipo onetsetsani kuti loko yakola kawiri. Usiku phimbani mbali imeneyo ndi pulasitiki. Pobwera Loweruka mujambule hinji yanuyo pa foni mbali zonse, ya kumanja ndi ya kumanzere zimafanana m'maso koma sizilowana nthawi zonse.