Kodi n'chifukwa chiyani olamulira amalimbana ndi mtembo?

Mphunzitsi wa ku Kawale:

Ndikufunsa inu amene mumawerenga mabuku ndi mbiri yakale. M'sewero la Antigone, lolembedwa ndi Sophocles wa ku Greece, mfumu Creon imalamula kuti mtembo wa Polyneices usaikidwe m'manda koma usiyidwe pamtetete kuti agalu ndi mbalame ziudye, ndipo mlongo wake wa malemuyo, Antigone, amalolera kufa kusiyana ndi kumvera lamulolo. Kodi mchitidwe wolanga munthu amene wafa kale ndi nkhambakamwa za alembi, kapena unachitikadi m'mbiri yathu?

Bambo a ku Area 25:

Aphunzitsi, nkhaniyi ili pakhomo pomwe pano. Mu January 1915 anthu a John Chilembwe anapha William Jervis Livingstone, mzungu woyang'anira esiteti ya ku Magomero, namudula mutu, ndipo mutuwo unaonetsedwa kwa anthu pa mapemphero a Lamulungu ku Mbombwe. Chilembwe mwiniwake ataomberedwa kumayambiriro kwa February, boma la atsamunda linamuika mobisa m'manda opanda chizindikiro, tchalitchi chake n'kuchigumula. Mbali zonse ziwiri zinkadziwa kuti mtembo umalankhula kwa amoyo. Atsamunda sanafune kuti pakhale malo oti anthu azikasonkhanako, koma kubisako kunabala mphekesera zoti munthuyo sanafe, zimene zinakhala pakamwa pa anthu zaka zambiri.

Mayi a ku Likuni:

Bambo, musaiwale za ku Mwanza. Mu May 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anaphedwa, boma n'kulengeza kuti anafa pa ngozi ya galimoto. Mabokosi analetsedwa kutsegula. Aliyense amene anakhalapo pa siwa akudziwa kulemera kwa zimenezi, chifukwa kwathu kuno achibale amasambitsa thupi, adzukulu amakumba manda, ndipo bokosi lisananyamulidwe anthu amaona nkhope. Kumana banja mwambo umenewu kunali kubisa mabala, komanso kuopseza aliyense amene akanafuna kufunsa. Zoona zake zinadzafufuzidwa boma litasintha mu 1994.

Wophunzira wa ku Bunda:

Akuluakulu, ine ndikuona kuti si mantha okha ayi, nthawi zina kumakhala kudzitama kwa wopambana. Mkwawa, mfumu ya Ahehe ku Tanzania, atafa mu 1898 Ajeremani anatenga chibade chake, ndipo ngakhale pangano la ku Versailles la 1919 linalamula kuti chibwezedwe, chinafika kwawo mu 1954. Thupi la Patrice Lumumba, nduna yaikulu yoyamba ya dziko la Congo, analisungunula ndi asidi mu 1961, ndipo dzino limene wapolisi wa ku Belgium anasunga linaperekedwa kwa ana ake mu 2022. Tiyerekeze ndi David Livingstone, amene atafera kwa Chitambo mu 1873, antchito ake Susi ndi Chuma anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, thupi n'kuliumitsa ndi mchere, nalinyamula miyezi yambiri mpaka ku Bagamoyo kuti likaikidwe ku London.

Komabe, aphunzitsi, tisaloze chala olamulira okha. M'buku la Chinua Achebe lotchedwa Things Fall Apart, Okonkwo atadzimangirira, abale ake omwe amakana kukhudza mtembowo chifukwa mwambo sulola, mpaka amapempha alendo amene anabwera kudzamugwira kuti awatsitsire mumtengomo.